Njerwa Zosafuna Moto

Bangwe, Limbe
9 Juni 2003

Wokondedwa amake Nester,

Ndatenga cholembera ndi chimwemwe chodzaza tsaya, moti mnzanga wogona naye chipinda wandifunsa ngati ndatola chikwama pamsewu. Ine kuno ndili gwa, ndanenepa mpaka lamba wayamba kudandaula. Kaya inu, mwana wathu Nester, amayi, ndi atsibweni anu a Timoti, mkango wa ku Mikolongwe?

Uthenga wawo ndaumva. Akuti mkamwini wakhalitsa osamanga nyumba pamudzi, ndiye mvula ya chaka chino ikagwa inu mukugonabe kwa amayi, ayitana ankhoswe ukwati uthe. Awuzeni mtima ukhale m'malo. Akuopseza munthu amene akumanga tauni yatsopano ndi manja ake.

Bungwe limene ndikugwirako ntchito likumangira anthu wamba nyumba kuseri kwa phiri kuno. Nyumba zake, mayi, n'zanzeru kuposa ahedi a sukulu yanu ija. Mawindo akuluakulu, masana suyatsa nyali. Mphepo imalowa uku n'kutulukira uko, Okutobala munthu amafunda bulangete. Mvula ikagwa padenga siithawa, imalowa yokha m'thanki ngati mbuzi yodziwa khola. Mitengo imene tinaipeza pamalopo sitinadule ndi umodzi womwe. Nyumba ndi imene imapatukira mtengo.

Koma nkhani yaikulu ndi njerwa. Zathu sitiwotcha. Timasefa dothi, kusakaniza ndi simenti pang'ono, kuthira m'makina, n'kukanikiza ndi chitsulo chachitali. Imatuluka njerwa yosalala ngati sopo wa m'sitolo. Abwana athu, Mayi Ursula, amati mauvuni ndi amene ameta mapiri a Blantyre mpala, ndipo utsi wake ndi umene ukuchititsa mvula kubwera ngati mlendo wamanyazi. Wokanikiza chitsulocho ndine. Mayiwa salawa tiyi asanafunse kuti, "Edwin wafika?"

Avomera kundibwereka makinawo mwezi wamawa. A Abdulkarim, dalaivala wa lole yathu, awabweretsa. Anthu a m'mudzimo ayambiretu kusamba m'maso, chifukwa adzaona zimene agogo awo sanalotepo.

Ndine mwamuna wanu, theka injiniya,
Edwin


Mikolongwe
21 Juni 2003

Bambo a Nester,

Kalata yanu tailandira. Kuno tili bwino, kupatula Nester amene anadwala chifuwa koma wachira. Amayi akupereka moni. Mukamabwera musaiwale sopo weniweni, osati wa njerwa uja.

Ndinawawerengera atsibweni kalata yonse. Pa bulangete la Okutobala anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati, "Mwamuna wakoyu akanakhala kuti amamanga ndi pakamwa, bwenzi tonse tikukhala m'nyumba zosanja." Mawu awo aja sanasinthe. Mvula yoyamba ikupezeni muli ndi denga.

Musatenge ngati nthabwala. Ine ndatopa kuyala mphasa pafupi ndi amayi ngati mtsikana wosakwatiwa. Mng'ono wanga anakwatiwa m'mbuyo mwanga, koma mwamuna wake waumba kale, wawotcha, nyumba yafika pamawindo. Ku mjigo akazi akandiona amasintha nkhani.

Chaka chatha munati mukubwera ndi njinga yamoto, munabwera ndi pampu ya njinga yakapalasa. Makinawo tiwaone kaye.

Ndine,
Selestina


Bangwe, Limbe
4 Ogasiti 2003

Amake Nester, duwa la Chiradzulu yense,

Ndafika bwino, ngakhale minibasi inali yodzaza moti mwendo wanga wamanzere unafika ku Limbe mochedwerapo. Muli bwanji nonse?

Nanga tsopano mukuti chiyani? Makina munawaona kapena ayi? Mudzi wonse unabwera, ngakhale agalu anakhala pansi kuonerera. Atsibweni ananamizira kuyang'ana mbuzi zawo, koma diso limodzi ndinaliona, linali pa chitsulo changa. Njerwa zimene ndakusiyiranizo n'zokwana nyumba yathu, zotsala mudzamangire nkhuku hotela.

Kuno nditabwerera ndinapeza ntchito itaima, anthu akungoyang'anana. Dzana kunabwera nduna ina kudzaona nyumba zathu. Inandigwira chanza nthawi yaitali moti apolisi anachita kutilekanitsa. Dzanja limenelo sindinasambebe, ndikusungira Nester.

Za njerwazo, muzizithirira madzi m'mawa ndi madzulo, zikhale zofunditsidwa ndi udzu, dzuwa lisaziwombe. Simenti imalimba ndi madzi. Musaziwotche ayi. Njerwa zanga sizifuna moto, n'zophunzira, zinapita kusukulu. Ndege itagwera pa khoma lake, yopita kuchipatala ndi ndegeyo. Zidzukulu za Nester zikadzafuna kugumula nyumbayo zidzachita kuitana asilikali.

Ndibwera kumayambiriro a Okutobala ndi mmisiri, masabata awiri khoma lidzakhala litaima. Malata ndayamba kale kuwayang'ana m'sitolo, nawonso akundiyang'ana.

Mundiuze ngati nandolo wayamba kucha. Wa kuno sakoma, amamva dizilo.

Wanu mpaka Yesu adzabwere,
Edwin


Mikolongwe
1 Sepitembala 2003

Bambo a Nester,

Moni. Tili moyo. Nandolo wacha, ndapatsira a Abdulkarim kathumba.

Ndikuthirira monga munanenera, koma mudziwe kuti mwandisandutsa choseketsa cha mudzi. Ndowa zimene ndikutunga pa tsiku, khosi langa ndi limene likudziwa. Ku mjigo akundifunsa kuti, "Dimba lanu la njerwa likuphuka liti? Mutigawireko mbewu." Ana akadutsa amafuula kuti, "Mpiru wa a Edwin!" Nester anabwera akulira, anzake amuuza kuti bambo ake a m'tauni akumanga nyumba ya zidina ngati ya nkhalamba yopanda ana.

Lamulungu atsibweni anabwera kudzaona. Anavundukula udzu, anagogoda njerwa imodzi ndi chala, anati, "Yaiwisi." Ndinawauza kuti mwati sizifuna moto. Anandiyang'ana ndi chisoni, anati, "Mwana wanga, kuyambira makolo athu akuchokera ku Mozambiki, njerwa yosalowa mu uvuni ndi chidina. Mwamunayu nkhuni zamukanika kugula. Akubisa umphawi m'nthabwala, ndi mmene alili."

Usiku umenewo sindinadye. Bambo a Nester, ndine mkazi wanu. Ngati ya nkhuni palibe, ndiuzeni ine ndekha, sindiuza munthu. Kusauka sindikuopa, ndinakudziwani muli ndi malaya amodzi. Chimene chikundipweteka ndi kuimirira pakati pa anthu n'kumateteza mawu amene ine mwini sindikudziwa ngati ali oona.

Mundiyankhe mosaseka, kamodzi kokha.

Selestina


Bangwe, Limbe
15 Sepitembala 2003

Amake Nester, mlimi wamkulu wa njerwa,

Kalata yanu yandiseketsa mpaka alonda anabwera kudzafunsa ngati kwagwa ngozi. Ine kusowa ya nkhuni? Nditafuna ndingagule nkhalango ya Chikangawa yonse, ndi anyani ake omwe. Ndanena kuti njerwazo sizifuna moto, basi. Akazi a ku mjigowo asiyeni, tsiku likubwera adzapempha kulowa m'nyumba mwanu kuti angomva mphepo.

Tsono imvani nkhani. Ndinawauza Mayi Ursula kuti kwathu anthu alandira njerwa zatsopanozi ndi manja awiri, atsibweni ndiye akutsogolera, mpaka akufuna kuletsa mauvuni m'dera lonse. Mwina ndinathirako mchere pang'ono, koma ndiwo zopanda mchere amadya ndani? Mayiwa anasangalala kwambiri. Akuti nyumba yathu ikhala yoyamba ya kumudzi yomangidwa osagwetsa mtengo, ndiye Loweruka pa 11 Okutobala akubwera kudzaona njerwazo pamodzi ndi alendo awiri akunja amene amathandiza bungwe lathu. Mmodzi ali ndi kamera yaitali ngati mtondo. Chithunzi chanu chikapachikidwa ku Ulaya, azungu azikaphunzirirapo kukongola.

Choncho sesani pabwalo. Nester avale diresi la ubatizo. Atsibweni avale jekete lija amapita nalo ku Misa ya Khirisimasi. Ine ndidzakhala kutsogolo kwa galimoto, mudzandizindikira ndi mano.

Nandolo ndalandira, ndadya, anzanga ndawanunkhizako.

Edwin wanu yemwe uja


Mikolongwe
29 Sepitembala 2003

Bambo a Nester,

Tamva za alendo. Atsibweni atamva anati, "Ndiye azungu abwere kudzajambula mbumba yanga itaima pa zidina? Ayi." Koma sanakalipe. Masiku ano akukutchulani bwino. Akuti pakamwa pokha ndiye pali polakwika, koma munthu woumba njerwa zonsezija ndi manja ake si waulesi, ndipo mkamwini ndi mwana.

Akukukonzerani chinthu. Andiletsa kunena, ndipo ndalonjeza. Ndingoti mtolo umene mwakhala mukuusenza nokha mwakachetechete, abale akusenzerani. Mudzafike ndi mtima umodzi.

Kalatayi ndapatsira mphunzitsi wina wopita ku Limbe, sindikudziwa ngati ikupezeni msanga.

Selestina


Bangwe, Limbe
14 Okutobala 2003

Achemwali anga a Esnat,

Moni kuchokera kwa mlongo wanu, amene kale anali Edwin koma pano ndi chinthu chongoyenda. Alamu ndi ana ali bwanji ku Nguludi? Ndikulembera inu chifukwa kwa Selestina cholembera chikukana.

Mukudziwa kuti atsibweni ake a Timoti anandipatsa malire: nyumba isanagwe mvula, apo ayi ukwati watha. Mukudziwanso za njerwa zosawotcha zija ndinakaumba ku Mikolongwe. Loweruka ndinapita nawo abwana anga Mayi Ursula ndi azungu awiri kukaziona. Kalata ya Selestina yonena kuti atsibweni akundikonzera chinthu inandipeza Lachisanu. Ine ndinati ndi nkhuku, mwinanso mbuzi. M'mawa sindinadye n'komwe, kusungira malo.

Kutsogolo kunalibe malo, ndinakhala kumbuyo ndi mzungu wa kamera. Njira yonse ndinamuphunzitsa za kwathu. Ndinati kwathu mwana akathyola nthambi amakapepesa mtengo. Iye akulemba. Titakhota pa msewu wafumbi ndinamva fungo la utsi. Ndinati, "Akutentha mapesi." Iye akulemba.

Achemwali, tinafika. Pamene ndinasiya njerwa zanga panali uvuni. Wamkulu, womata bwino, wotenthabe. Akazi akuimba, nthungululu mpaka kuphiri. Kuseri kwake, pamene panali mitengo ya mango ya atsibweni, ija ya maboloma imene ankagulitsa zipatso zake pamsewu, panali zitsa zoyera mbuu. Anadula yawoyawo. Yonse.

Mkuluyo anabwera atavala jekete, anandigwira mapewa pamaso pa anthu, anati, "Akamwini, umphawi si mlandu. Munachita manyazi kunena kuti nkhuni zakuvutani. Ife ndife abale anu. Tawotcha. Alendo anu ajambule njerwa zenizeni."

Misozi inali m'maso mwawo, achemwali. Chikhalire sanandigwirepo paphewa.

Mzungu anandifunsa kuti agogowa akuti chiyani. Chingerezi changa chonse chinathawira m'munda wa nandolo. Ndinangoti, "Yes." Anafunsanso. Ndinati, "Yes, yes." Kamera anaitsitsa yekha.

Mayi Ursula ndi munthu. Anagwada, anapereka moni kwa atsibweni, anathokoza chifukwa cha kulandiridwa. Anakhala pa mphasa, anadya nkhuku, anayamikira ophika. Za njerwa sanatchule. Ine nkhuku imene ndinaisungira malo inakana kutsika. Selestina ankandiyang'ana akumwetulira, kudikira kuti ndithokoze. Nester ndi diresi lake la ubatizo akuvina mozungulira uvuni.

Njerwa ya simenti ikalowa pamoto yafa. Mphamvu yake yonse imapsa, dothi lakenso ndi lamchenga, silingagwirane ngati la kudambo. Ndinkadziwa kuti m'kati mwa uvuniwo mulibe nyumba. Koma ndikananena bwanji, munthu ataima pa zitsa za mango ake? Galimoto italira ndinalumphiramo. Mkazi wanga sindinamutsanzike.

Tili m'njira Mayi Ursula anandifunsa motsitsa mawu, "A Edwin, munawauza kuti zisawotchedwe?"

Ndinati, "Ndinawauza, mayi. Ndinalemba ndithu."

Anati, "Nanga n'chifukwa chiyani sanakukhulupirireni?"

Kuchoka pamenepo mpaka ku Limbe, ine amene mumati ndinabadwa ndikulankhula, ndinangowerenga mitengo ya magetsi.

Mitambo yayamba kusonkhana kumadzulo. Simenti ndilibe, njerwa ndilibe, nkhope yopita nayo ku Mikolongwe ndilibe. Mukamva kuti ankhoswe akufunika, muwauze amalume athu akonzeke. Musawauze zambiri.

Mlongo wanu,
Edwin


Mikolongwe
24 Okutobala 2003

Bambo a Nester,

Sindikudziwa ngati ndiyambe ndi moni, poti inu munachoka opanda moni. Tili moyo.

Uvuni tinautsegula Lachiwiri. Anthu anabwera ambiri. Atsibweni anatenga njerwa yoyamba kuti aonetse, inawathera m'manja ngati chigumu chouma. Anati ndi yapamwamba, moto sunafike bwino. Anatenga yapakati. Chimodzimodzi. Anakumba mpaka pansi ndi manja, jekete lonse fumbi. Palibe amene anaseka. Bola akanaseka.

Panali njerwa zina zimene sizinakwane pa uvuni, ndinaziika kuseri kwa bafa. Anatuma kuti ndibweretse imodzi. Anaikweza pamwamba pa mutu n'kuiponya pamwala. Inangolira, osasweka. Anaimenya ndi msana wa khasu, inangochoka kakona. Anaiyang'ana, anayang'ana zitsa zija, n'kulowa m'nyumba. Masiku awiri sanatuluke.

Ine ndilibe pothawira. Nkhuni zimenezo ndinasenza nawo, ndikuimba. Mawu anu akuti musaziwotche ndinawawerenga ndi pakamwa panga pamaso pa atsibweni, tonse tinaseka, chifukwa munawaika pakati pa nduna ndi ndege. Ndinakupemphani kuti mundiyankhe mosaseka, munandiyankha ndi anyani a ku Chikangawa. Ndikanadziwa bwanji kuti pa mawu onsewo awa okha ndiwo anali oona? Komabe ndine mkazi wanu, ndinayenera kudziwa. Miyezi iwiri ndinathirira nyumba yanga ndi khosi langa, kenaka ndinaisonkhezera moto ndekha.

Ku mjigo tsopano ndimapita kusanache.

Nester akufunsa ngati munakwiya chifukwa anavina molakwika. Dzulo kunagunda mabingu ku phiri la Chiradzulu. Atsibweni andipatsa kapepala aka kuti ndiike m'envulopu. Alemba okha, sanafune kuti ndiwalembere.

Selestina


Akamwini,

Moni. Ndine Timoti.

Njerwa zanu ndawononga ndine. Palibe wina. Munanena, ine sindinamve.

Ndinalumbira pamaso pa mbumba kuti mvula yoyamba ipeze Selestina ali m'nyumba yake ndi mwamuna wake. Mawu a mwini mbumba sabwerera. Ndiye ndatulutsa katundu wanga. Nyumba yanga ya malata ndi yanu kufikira yanu itaima. Ine ndasamukira m'khitchini momwe mumagona mbuzi, ndayalamo kale mphasa. Ankhoswe asavutike kubwera.

Dothi ndayamba kusefa pamene munkakumba paja. Sindikudziwa ngati ndikusefa bwino.

Anthu akuti mkulu wagona ndi mbuzi chifukwa cha liuma. Akunena zoona. Bwerani.


Bangwe, Limbe
29 Okutobala 2003

Amake Nester,

Moni. Pepani chifukwa chochoka ngati wakuba. Nester mumuuze kuti anavina bwino kuposa onse, ndipo apa sindikuwonjezera.

Kapepala ka atsibweni ndakawerenga nditaimirira, ndinalephera kukhala pansi. Munthu wa imvi kugona m'khitchini chifukwa cha pakamwa panga, bola akanandimenya ndi khasu lija.

Inu ndi mwana lowani m'nyumbamo, kuti mawu awo asagwe pansi. Ine sindigonamo. Mundiyalire mphasa m'khitchinimo pafupi ndi yawo, ndidzatulukamo tsiku limene iwo adzatuluke.

Wailesi ndi njinga ndagulitsa, simenti yapezeka. Mayi Ursula abwerekanso makina, ndinapempha ndikuyang'ana pansi. A Abdulkarim atibweretsa Loweruka. Tidzaumbira pansi pa chisakasa chifukwa cha mvula. Ndagulanso mbande za mango ku Limbe. Atsibweni musawauze, ndidzabzala ndekha iwo ali ku tchalitchi.

Apa ndinalemba kuti nyumbayo izidzaoneka kuchokera ku Mulanje, koma ndafufuta, mukuona pakudapo. Idzakhala ya zipinda ziwiri ndi khonde.

Edwin